Dzina Limene Sorana Anatchula pa Khonde la Moruzan

Mutu 6

1. Wosankhidwa

Kwathu ku Zavoreni, mwezi wa Novembala ukangoyamba, anthu amapenga ndi munthu wakufa. Munthuyo ndi Octav Moruzan, mlembi wa nkhani zoopsa amene anamwalira zaka zoposa zana zapitazo. Chipilala chake chili pakati pa msika, ndipo sabata imeneyo ngakhale buledi amaumbidwa ngati chipewa chake. Koma mufunse kuti ndi angati anawerengapo buku lake mpaka kumapeto, muona anthu akuyang'ana nsapato zawo.

Chaka chimenecho komiti ya mwambo inasankha Sorana, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, kuti adzawerenge nkhani ya Moruzan pa khonde la m'mwamba la nyumba ya mlembiyo. Bambo ake, a Nichifor, ndiwo ankayang'anira nyumbayo. Ankasesa, kupukuta magalasi, kulandira alendo ndi kusunga makiyi. Komiti inawapatsa zipinda ziwiri za kumbuyo kuti azikhalamo. Chimwalirireni mayi ake a Sorana, awiriwa analibe kwina kolowera. Nyumba ya Moruzan ndiyo inali kwawo.

Mwambowo umayenda chonchi. Nthawi ya 3 koloko masana anthu amadzaza bwalo, aliyense atanyamula chivundikiro cha poto ndi supuni. Mwana wosankhidwa amawerenga nkhani yotchedwa “Oumba Njerwa”. Imanena za anthu a tsidya lina la mtsinje, amene ati amagogoda m'makomo, kuba ana, n'kupera mafupa awo kusakaniza ndi dothi. Mwanayo akafika pa mawu akuti, “Ndani akugogoda?” khamu lonse limayankha kuti, “A kutsidya!” n'kuyamba kuomba zivundikiro. Kenaka anyamata odzipaka dothi lakuda kumaso amanyamula chidole cha udzu kupita nacho pa mlatho, n'kuchigenda ndi zibuma mpaka chigwere m'madzi.

Ati ndi masewera chabe. Koma kutsidyako kukadali anthu, ndipo njerwa akuumbabe. Zibuma zina sizigwera m'madzi ayi.

2. Malo a Luludi

Sorana ankakhala desiki imodzi ndi Luludi, mtsikana wa kutsidya. Chaka chatha Luludi anabwera ku sukulu ndi chipsera pamwamba pa diso, chifukwa chibuma china chinali ndi mwala m'kati. Palibe anafunsa amene anaponya.

Lachisanu, atamva za kusankhidwa kwa mnzake, Luludi anaseka kuseka kosafika m'maso.

“Ndiye ati chaka chino ndiwe utiitanire miyala, mnzanga? Chonde ukakweze mawu. Zimkuzamawu zanu zimamveka mpaka kwathu, ndi zomwe zimatiuza nthawi yolowa pansi pa tebulo.”

Lolemba lake malo a Luludi anali opanda munthu, monga amakhalira malo a ana onse a kutsidya sabata imeneyo.

Tsiku lomwelo mphunzitsi wa zolembalemba, Mayi Veturia, analowa m'kalasi atanyamula mabuku awiri. Lina linali la Moruzan, lalikulu, lofiira. Linalo linali kabuku kopyapyala kopanda chikuto, komanga ndi ulusi. Anawaika patebulo n'kuyamba kulankhula motsitsa mawu.

“Ana inu, tauni ino inabala alembi awiri a nkhani zoopsa, osati mmodzi. Anakhala nthawi imodzi, ankamwa madzi a mtsinje umodzi. Moruzan mukumudziwa, ndipo sindikunamizani, bamboyo ankatha kulemba. Akafotokoza chitseko chikutseguka, umamva mphepo pamsana. Koma mantha ake onse ankawatunga malo amodzi. Ankadana ndi anthu a kutsidya, khungu lawo, chilankhulo chawo, ngakhale utsi wa mauvuni awo. Chidanicho anachiveka zovala za mizukwa, ife n'kumuimikira chipilala.

“Winayo ndi Zamfira Lutaru, mayi woumba njerwa. Anadziphunzitsa yekha zilembo pa manyuzipepala okutira katundu. Buku lake linasindikizidwa kamodzi kokha. Akuluakulu a nthawiyo anati woumba njerwa sangalembe, ndiye kuti wina anamulembera. Sanafufuze n'komwe. Anangosiya kumutchula basi. Ndiye taganizani bwino. Wina tsankho linali mumtima mwake, koma silinamuchotsere ulemu. Wina tsankho linamugwera kuchokera kwa anzake, n'kumukwirira ngati sanabadwe. Muwerenge onse awiri, mundilembere kusiyana kwawo.”

Ana ambiri anayasamula. Kabuku kopyapyala kaja palibe ankakafuna, choncho Sorana ndiye anakatenga.

3. Mpando Wachisanu

Anakawerengera m'khitchini masana, dzuwa likulowa pa windo. Ngakhale kunali kowala chotero, tsemwe linamugwira thupi lonse.

Nkhani yoyamba inali “Mpando Wachisanu”. Munali banja la anthu anayi: bambo, mayi ndi ana awiri. Tsiku lina la chipale chofewa mlendo anagogoda kupempha kuti aothe moto, iwo osatsegula. Kutacha anapeza mipando isanu patebulo. Akawerenga mitu, isanu. Koma akayang'ana nkhope, zonse zinali zodziwika. Aliyense anali ndi dzina lake, ndipo mayi ankakumbukira tsiku lobadwa la mwana aliyense. Munalibe mzukwa wa mano ataliatali, munalibe magazi. Munali banja lokha, likuyang'anizana pa chakudya.

Atamaliza, Sorana anadzipeza akuwerenga mipando ya m'khitchini mwawo. Inali iwiri. Anaiwerenganso kachiwiri kuti atsimikize.

Nkhani ya Moruzan anaiwerengapo kambirimbiri, ndipo inkamuchititsa kuopa chitseko. Iyi inamuchititsa kuopa anthu amene atseka chitsekocho. Zimenezi ndi zomwe analemba m'kope mwake.

Lachitatu, anzake atatuluka, anafunsa Mayi Veturia kuti bwanji nkhani imeneyi osaiwerenga pa khonde. Mayiwo anasintha nkhope. Anapita kukatseka chitseko asanayankhe.

“Mwanawe, zolemba m'kope ndi zina, za pa khonde ndi zina. Ine ndakupatsani ntchito ya m'kalasi, sindinakutumeni ku nkhondo. A Hurduc, wapampando wa komiti, ndi munthu woti akakwiya sakalipa. Amangolemba kakalata kamodzi, iwe n'kupezeka uli pamsewu. Mphunzitsi amene analipo ine ndisanabwere analemba m'nyuzipepala kuti mwambowu ukuvulaza ana. Chaka chisanathe anali atanyamula katundu wake. Anthu a kuno si oipa paokhapaokha, koma akasonkhana ndi zivundikiro m'manja sakhalanso anthu amene umawadziwa. Ukawerenge zimene wapatsidwa, utsike, upite kwanu. Ukadzakula udzalemba buku lako, udzamutchule Zamfira mmene ungafunire.”

Sorana anavomera ndi mutu. Koma kabukuko sanabweze. Masana awiri otsatira anakhala akukopera “Mpando Wachisanu” ndi dzanja, pa mapepala ofanana kukula ndi masamba a buku lofiira la pa khonde.

4. Magolovesi oyera

Loweruka kunacha ndi nkhungu yoti chipilala cha pamsika sichinkaoneka. A Nichifor anali kusita magolovesi oyera amene amavala kamodzi pachaka ponyamula buku la Moruzan. Makiyi anali atawapachika pa msomali. Sorana anawatenga mwakachetechete, anakatsegula bokosi la galasi losungiramo buku la Moruzan, nalowetsa mapepala ake pakati pa bukulo. Potseka, kiyi inamugwa pansi kawiri.

Atabwerera, bambo ake anali atakhala pansi, kabuku kopyapyala kaja kali patsogolo pawo. Anali atakapeza pa shelefu.

“Khala apa, mwanangu,” anatero. “Kabuku aka ndikukadziwa, ndipo sindikufunsa kumene wakatenga. Ndingokuuza za ife. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo bondo langali silingakwerenso phiri kukadula mitengo. Mwezi wamawa chipale chofewa chigwa. Zipinda ziwirizi ndi zazing'ono, koma ndi zofunda, ndipo mayi ako anamwalirira muno. Ine mwambowu sindiukonda. Chaka ndi chaka ndikamva zivundikiro zija zimandinyansa. Koma ndimakhala chete kuti iwe uzigona pansi pa denga. Usandiweruze, udzamvetsa ukadzakhala ndi wako mwana. Lero ndi mphindi khumi zokha. Uwerenge, anthu afuule, zithe.”

“Nanga diso la Luludi, ababa?”

A Nichifor anatenga golovesi limene anali atasita kale, n'kuyambanso kulisita.

5. Pa khonde

Pofika 3 koloko bwalo linali litadzaza. Sorana anatulukira pa khonde n'kuyang'ana pansi. Kutsogolo kwenikweni kunaima anyamata aja, nkhope zakuda bii ndi dothi, maso okha akuyera. Ena anali a m'kalasi mwake, koma sanathe kuzindikira ngakhale mmodzi. Matumba a majekete awo anali otukumuka ndi zibuma. Kumbuyo kwawo kunali amayi a kutchalitchi, wogulitsa nyama, namwino, onse ndi zivundikiro zawo. Patali, kupyola mlatho, nyumba za kutsidya zinkaoneka mwa apo ndi apo m'nkhungu, mawindo atakhomedwa matabwa.

A Hurduc, mwini makina ochekera matabwa, analankhula nthawi yaitali za ulemerero wa Zavoreni. Atamaliza, a Nichifor anabwera ndi buku lofiira, naliika pa kagome kowerengerapo, nalitsegula.

Ataona mapepala a pakati aja, dzanja lawo linaima. Malembawo anawadziwa, poti ndi iwo anaphunzitsa Sorana kugwira pensulo. Anayang'ana mwana wawo, mwanayo n'kuwayang'ananso. Akanatha kuwachotsa mapepalawo n'kuwaponya m'thumba, palibe akanaona. Koma anangowasalaza ndi golovesi, n'kubwerera kukaima pa chitseko.

Sorana anayamba. Mawu ankanjenjemera, ndipo anthu anayesa kuti ndi luso la kawerengedwe. Atafika pamene mlendo anagogoda, zivundikiro zonse zinakwera m'mwamba, masupuni ali chire. Anthu anadikira funso lija. Silinabwere. Anadikirabe, mikono n'kuyamba kulema. Mmodzimmodzi anatsitsa, ndipo posakhalitsa anali akumvetsera, chinthu chimene sanachitepo pa bwalo limenelo.

Anawerenga za mitu isanu. Anawerenga za bambo amene anayamba kugona ndi nkhwangwa pambali, ndi za ana amene anasiya kugwirana manja. Mayi wina m'khamumo anakokera zidzukulu zake pafupi, milomo ikuyenda, akuziwerenga. Kenaka Sorana anafika kumapeto.

“Ndipo anagwirizana kuti wowonjezerayo ndi kamtsikana ka m'banjamo, poti khungu lake linali loderapo, komanso sikankalankhula kwambiri. Anakatulutsa pa chipale chofewa n'kutseka. Kanagogoda, kanaitana mayi ake. Kanagogodanso. Kenaka kanasiya. Kutacha mayi anayala tebulo, mtima uli m'malo, n'kuwerenga mitu. Inali isanu.”

Bwalo lonse linangoti zii. Ngakhale anyamata a nkhope zakuda aja anali atayasama. Kwinakwake kamwana kanayamba kulira.

Woyamba kuomba m'manja anali a Hurduc. Anafika pa chimkuzamawu nkhope ili mwee.

“Mwamva, anthu inu? Ameneyo ndiye Moruzan wathu. Nkhani yosowa imeneyi, ine ndinaiwerenga ndili mnyamata. Ndani winanso akanalemba chonchi?”

Bodza la masanasana, koma anthu anaomba m'manja mpaka nkhunda zinauluka pa denga. Apa njira inatseguka. Funso lija silinafunsidwe, chidole chinali chikhalire, ndipo palibe anadziwa kanthu. Sorana akanangowerama n'kulowa m'nyumba, zipinda ziwiri zija zikanakhalabe zawo. A Nichifor anamukodola ndi chala kuti alowe.

Sorana anayang'ana zimkuzamawu. Chimodzi chinaloza kumsika, china chinaloza kumtsinje. Kutsidyako, pansi pa matebulo, anthu anali atamva nkhani ya mayi wa kwawo, ndipo tsopano anali kumva ikupatsidwa kwa munthu amene anawatcha akuba ana. Kachiwiri Zamfira anali kukwiriridwa, ndipo fosholo inali m'manja mwa Sorana.

Anayandikira chimkuzamawu.

“Pepani, bwana. Nkhaniyi si ya Moruzan. Anailemba ndi Zamfira Lutaru, woumba njerwa wa kutsidya.”

Manja anasiya kuomba, ena ali m'malere. Bata limeneli linali losiyana ndi loyamba lija. Loyamba linali la anthu ochita mantha. Ili linali la anthu amene apusitsidwa pagulu, ndipo Sorana analiopa kuposa nkhani iliyonse imene anawerengapo.

Chibuma chinachokera kutsogolo n'kuphulika pa khoma, pafupi ndi khutu lake. Dothi linamulowa m'khosi mwa diresi. A Hurduc anazula waya wa chimkuzamawu. Sanakalipe. Anatembenukira kwa a Nichifor n'kulankhula ngati akufunsa za nyengo.

“Nichifor, makiyi ndiwapeze patebulo langa mawa 8 koloko. Zipinda zikhale zopanda kanthu pofika Lachiwiri.”

6. Kakiyi kakang'ono

Chidole sichinafike pa mlatho. Popanda mfuu ija anyamata anasowa poyambira. Awiri anayesa kuchikoka, koma anachisiya pa mpope, miyendo ili m'mwamba. Chaka chimenecho palibe mwala unaoloka mtsinje. Komabe anthu sanabalalike. Anaima m'timagulu m'bwalomo, akunong'onezana, maso ali pa nyumba ya Moruzan.

M'khitchini a Nichifor anatseka makatani ngakhale kunali kusanade. Anavula magolovesi, nawapinda bwinobwino ngati adzawafunanso. Sorana anaima pakona, misozi ikutsika.

“Ababa, pepani. Ndatisowetsa pokhala.”

“Watisowetsadi,” anayankha, ndipo sanawonjezere mawu omutonthoza.

Anakhala pansi ndi mpukutu wa makiyi, n'kuyamba kulimbana ndi waya wake ndi chikhadabo. Patapita kanthawi anachotsapo kakiyi kakang'ono kadzimbiri, kamene Sorana anali asanakaonepo kakutsegula kanthu.

“Aka a Hurduc sakalandira. Tamvera, mwanangu. Tsiku limene ndinayamba ntchito muno, komiti inandionetsa bokosi lachitsulo kudenga, kuseri kwa chumuni. Anandiuza kuti nditenthe zonse za m'menemo, ati ndi zinyalala. Ndinatsegula, ndinawerenga tsamba limodzi, ndipo machesi anandikanika kuyatsa. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuopa bokosi limenelo, kuopa kulitentha, kuopanso kulitsitsa. Lero pa khonde paja ndinaona malemba ako, ndinadziwa kuti mwa awirife wamantha ndine. Muli mapepala ambiri m'menemo, ndipo lililonse lili ndi dzina limene watchulalo. Chimene mayiyo ankachita m'nyumba ya Moruzan, ukaona wekha.”

Anamufumbatitsa kakiyiko. Kanali kozizira.

Panja kunong'ona kuja kunali kutasiya. Kunamveka mapazi pa miyala ya kuseri kwa nyumba, kumene alendo sadzera. Anafika pa khomo la khitchini n'kuima.

Go, go, go.

Bambo ndi mwana anayang'anizana. Funso limene Sorana anakana kuwerenga pa khonde linali pa milomo ya onse awiri, koma palibe analimba mtima kulifunsa.